Munda wa Naboti

Tsiku lina itatha Misa ya m'mawa, amai ena achikulire anandidikira pakhonde la tchalitchi atafumbata kapepala kokulunga m'kansalu. Amuna awo anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo munda umene banjalo lakhala likulima chikwatirane, a mfumu a m'mudzimo anali ataupereka kwa munthu wina wandalama wochokera m'tauni. Kapepalako kanali kochokera ku khoti. Amaiwo sadziwa kuwerenga, tsono anafuna kuti ndiwauze tsiku la mlandu. Nditawawerengera ndinawafunsa ngati sakuchita mantha kusumira mfumu yawo yomwe. Iwo anandiyang'ana modabwa nati, "Abambo, kodi mfumu ilibe wamkulu?"

Owerenga okondedwa, funso la amai osaphunzirawa ndi lakale kwambiri, ndipo anthu ambiri aphedwa chifukwa cholifunsa. Ndifuna tilondole kumene lachokera. Makolo athu sanali mbuli pa nkhaniyi. Mfumu yachichewa sinkadzilonga yokha: ankaisankha ndi akuluakulu a mbumba, pa tsiku lolowa ufumu ankailangiza, ndipo pabwalo sinkagamula mlandu popanda nduna zake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komabe khoti limene amaiwo akupitako, pamodzi ndi malamulo olembedwa amene akuwapatsa mtima, zinabwera ndi njira ina yaitali, yodzera ku Yerusalemu, ku Milan, ku Roma ndi ku England. Mpingo wathu unayenda nawo m'njira imeneyi, nthawi zina ukutsogolera, nthawi zina ukutchinga.

Ku Paris, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Louvre, muli mwala wakuda wotalika kuposa munthu, umene unafukulidwa ku Susa kumapeto kwa chaka cha 1901. Pamwalapo panazokotedwa malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babiloni imene inalamulira zaka pafupifupi 1,750 Ambuye Yesu asanabadwe. Tisanyoze mafumu achikunja akalewo. Hammurabi anadziwa kuti ntchito ya mfumu ndi kuteteza wofooka, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Koma malamulowo ndi ake, alembedwa m'dzina lake, ndipo iye waima pamwamba pawo pamaso pa mulungu wake Shamash. Ku Ejipito zinali zoposa apa, chifukwa Farao ankayesedwa mwana wa mulungu. Nanga mfumu yotere ikalakwa, munthu akadandaula kwa yani?

Kwa Aisraele zinthu zinayamba mwa mtundu wina. Malembo Oyera akuti Chilamulo chinaperekedwa m'chipululu, kumene kunalibe mfumu, kunalibe nyumba yachifumu, kwa anthu amene anali atangothawa ukapolo. Mafumu anabwera pambuyo pake, patapita mibadwo ingapo, napeza Chilamulo chilipo kale. Mfumu yachiyuda inali ngati mkamwini wofika pamudzi wa eni ake: akhoza kulima, akhoza kumanga, koma miyambo ya pamudzipo sanaiike ndi iye. Mneneri Samuele anachita kuwachenjeza anthu kuti mfumu imene akuipemphayo idzawatengera ana awo aamuna kunkhondo, ana aakazi kukhitchini, ndi minda yawo yabwino kukapatsa nduna zake. Ndipo buku la Deuteronomo, mutu 17, likuika malire: mfumu isachulukitse akavalo, akazi, siliva ndi golide, ikhale ndi buku lakelake la Chilamulo, iziliwerenga masiku onse, kuti mtima wake usadzikweze pamwamba pa abale ake. Taonani kuti anthu olamulidwa akutchedwa abale a mfumu.

Mau olembedwa ndi osavuta. Pofuna kuona ngati anali ndi mano, tiyenera kupita ku Yezireeli, m'masiku a mfumu Ahabu, zaka zoposa 850 Ambuye asanabadwe. Nkhaniyi ili m'buku loyamba la Mafumu, mutu 21. Munthu wina dzina lake Naboti anali ndi munda wamphesa pafupi ndi nyumba ya mfumu. Ahabu anaukhumba kuti alimemo ndiwo zamasamba. Sanaulande ayi, anapempha mwaulemu, nalonjeza munda wina woposa umenewo kapena ndalama. Naboti anakana, chifukwa mundawo unali cholowa cha makolo ake, ndipo mwa chikhulupiriro cha Aisraele nthaka ndi ya Mulungu, siigulitsidwa mpaka muyaya. Tsono tamverani chimene mfumu inachita: inabwerera kunyumba, nkukagona pabedi, kutembenuzira nkhope kumbali, kukana chakudya. Mfumu yokhala ndi magareta ndi asilikali ikunyanyala nsima ngati mwana, chifukwa mlimi wamba wanena kuti ayi! Ahabu sanali munthu wabwino, koma anakulira m'dziko limene ngakhale mfumu yoipa inkadziwa kuti pali mzere umene singadumphe.

Mkazi wake Yezebele anali mwana wa mfumu ya ku Sidoni, ndipo zimenezi sanazimvetse. Anafunsa mwamuna wake ngati iye alidi wolamulira Israele. Komatu ngakhale Yezebele sanatume asilikali kukalanda mundawo masanasana. Analemba makalata m'dzina la mfumu, nawadinda ndi chidindo chake, nalamula akuluakulu a mzinda kuti alengeze tsiku losala zakudya, akhazike Naboti pamaso pa anthu, napeze mboni ziwiri zonama zoti zinene kuti watukwana Mulungu ndi mfumu. Chifukwa chiyani ziwiri? Chifukwa Chilamulo sichinkalola kupha munthu pa umboni wa munthu mmodzi. Mai woipayo anatsata ndondomeko yonse: bwalo linakhala, mboni zinakwana, mwambo wachipembedzo unachitika, ndipo munthu wosalakwa anaponyedwa miyala. Ndithu, ine ndikawerenga nkhaniyi sindiopa Yezebele kwambiri. Ndiopa akuluakulu a mzinda aja, anansi a Naboti, amene anawerenga kalata nachita zonse mwakachetechete.

Ahabu atapita kukatenga mundawo anapezamo mneneri Eliya, munthu wopanda udindo uliwonse m'boma, amene anamutchula mfumuyo kuti ndi wakupha ndi wakuba. Zoterezi zinachitikanso kale kwa Davide, pamene mneneri Natani anamufotokozera fanizo la munthu wolemera wolanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, Davide nadziweruza yekha asanazindikire kuti akunena za iye ndi mkazi wa Uriya. Mafumu onse awiriwa anadzichepetsa. Komabe tisakometse nkhani: Naboti sanauke, ndipo buku lachiwiri la Mafumu, mutu 9, likutidziwitsa kuti ana ake omwe anaphedwa. Chodabwitsa ndi chakuti Ayuda anasunga nkhani zochititsa manyazi mafumu awo m'mabuku awo oyera, namaziwerengera ana.

Ambuye Yesu ndi ophunzira awo analandira cholowa chimenechi. Atafunsidwa za msonkho, Ambuye anaonetsa kuti Kaisara ali ndi gawo lake, koma si zonse zili zake. Paulo Woyera analangiza Akhristu a ku Roma kumvera olamulira. Petro Woyera, ataletsedwa kulalika, anayankha bwalo lalikulu kuti pamene lamulo la munthu latsutsana ndi la Mulungu, womvera ndi Mulungu. Mau awiriwa akhala akukokana m'mbiri yonse ya Mpingo, ndipo olamulira amakonda kukumbukira oyamba okha. Akhristu oyamba ankakhoma msonkho ndi kupempherera Kaisara, koma ankakana kufukiza lubani pa fano lake. M'chaka cha 250 Kaisara Decius analamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira chikalata chotsimikizira kuti watero. Ambiri anagonja, ena anagula zikalatazo, ena anafa.

Mayeso enieni anafika pamene Kaisara anakhala Mkhristu. Kudzudzula mdani nkosavuta; nanga mwana wa Mpingo amene akumanga matchalitchi? M'chaka cha 390, mu mzinda wa Thessalonica, munabuka chipolowe chifukwa cha katswiri wina wothamangitsa magareta amene anatsekeredwa m'ndende, ndipo mkulu wa asilikali dzina lake Butheric anaphedwa. Pobwezera, asilikali a Kaisara Theodosius anapha anthu a mumzindamo osasankha wolakwa ndi wosalakwa. Wolemba mbiri Theodoret akuti anafa anthu 7,000. Theodosius ameneyu ndi yemwe uja amene, zaka khumi m'mbuyomo, analamula kuti chikhulupiriro cha Katolika chikhale cha ufumu wonse. Nthawi imeneyo ankakhala ku Milan, kumene episkopi anali Ambrose Woyera.

Ambrose ankadziwa za boma, pakuti asanasankhidwe kukhala episkopi m'chaka cha 374 anali bwanamkubwa wa chigawocho. Ojambula zithunzi amakonda kumuonetsa ataima pakhomo la tchalitchi akutchinga Kaisara ndi dzanja. Chimene tili nacho chotsimikizika ndi chofatsa kuposa apo, ndipo kwa ine ndi chokongola koposa. Episkopiyo anatuluka mumzinda nalemba kalata ndi dzanja lake, kuti iwerengedwe ndi Kaisara yekha. Anamukumbutsa za Davide ndi Natani, namuuza kuti iye sangathe kupereka nsembe ya Misa Kaisarayo ali pomwepo asanalape. Sanaitanitse anthu kuti aukire boma, sanafune mpando. Patapita miyezi, munthu wamphamvu kuposa onse m'dziko la Aroma anabwera m'tchalitchi atavula zizindikiro zaufumu, nalira tchimo lake pamaso pa anthu, ndipo analoledwanso ku Ukaristia. Ambrose yemweyo analembanso buku lonse lonena za Naboti, lodzudzula olemera a ku Italy amene ankameza minda ya amphawi.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene ku seminale tinkachidutsa mofulumira. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 388, Akhristu a ku Callinicum, m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, anatentha sunagoge wa Ayuda mosonkhezeredwa ndi episkopi wawo. Theodosius anagamula molungama kuti episkopiyo amangenso nyumbayo. Amene anatsutsa chigamulocho ndi Ambrose, mpaka anakana kupitiriza Misa kufikira Kaisara atalonjeza kuisiya nkhaniyo. Tsiku limenelo Naboti anali Myuda, ndipo amene anaima kumbali ya wolanda anali woyera wathu. Tikamanena za mwambo wa Ayuda ndi Akhristu ngati chinthu chimodzi, tizikumbukira kuti kwa zaka mazana ambiri Akhristu anagwiritsa ntchito mphamvu za boma kupondereza ana a aneneri omwe aja amene anatiphunzitsa kudzudzula mafumu. Mpingo unakana poyera chidani chimenechi pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1965.

Zaka zotsatira tizidutse mwachangu. Mu 494 Papa Gelasius analembera Kaisara Anastasius kuti dziko limayendetsedwa ndi maulamuliro awiri, wa ansembe ndi wa mafumu, ndipo uliwonse uli ndi malo ake. Mu 1077 mfumu Henry IV ya ku Germany inaima masiku atatu m'chisanu pa Canossa kupempha chikhululukiro kwa Papa Gregory VII. Pa 29 December 1170 asilikali anayi a mfumu Henry II anapha Arkiepiskopi Thomas Becket m'kati mwa tchalitchi la Canterbury, ndipo mu 1174 mfumuyo inakalapa pamanda ake. Mikangano imeneyi sinali yoyera yokhayokha. Kawirikawiri inali yolimbirana chuma, maudindo, ndi funso lakuti wansembe wolakwa aweruzidwe ndi yani. Koma inabala chipatso chimene olimbanawo sanachiyembekeze. Popeza panali mipando iwiri, panalibe mpando umene ukanati zonse ndi zanga, ndipo pakati pa miyala iwiriyo panatsala mpata womerapo ufulu wa anthu ena.

Chaka choyenera kuimapo ndi 1215. Ku England kunali mfumu John, munthu wokhometsa misonkho yoopsa, wolanda malo, wogulitsa chilungamo, ndiponso wokakamiza akazi amasiye olemera kukwatiwa ndi amene iye wafuna kapena kulipira kuti awaleke. Akuluakulu a dziko anamuukira. Pakati pawo ndi mfumu panaima Arkiepiskopi wa Canterbury, Stephen Langton, amene anaphunzitsa Malembo Oyera ku Paris zaka zambiri. Mukatsegula Baibulo nkupeza mutu wakutiwakuti, mukugwiritsa ntchito magawo amene anthu amati anakonza ndi iyeyu; ndiye kuti mutu 17 wa Deuteronomo ankaudziwa bwino. Pa 15 June, pa dambo la Runnymede, mfumu inavomera chikalata chimene chinadzatchedwa Magna Carta. Inalonjeza kuti mfulu sidzamangidwa, kulandidwa katundu kapena kupirikitsidwa popanda chiweruzo cha anzake kapena lamulo la dziko, ndi kuti chilungamo sichidzagulitsidwa, kukanizidwa kapena kuchedwetsedwa. Munalinso mau a akazi amasiye: alandire cholowa chawo popanda kulipira, akhale m'nyumba ya mwamuna wawo masiku 40 atamwalira, ndipo asakakamizidwe kukwatiwanso. Zoona, alimi ambiri a ku England nthawi imeneyo sankawerengedwa mfulu, ndipo chikalatacho chinawathandiza pang'ono. Koma mfumu inali itavomera polemba kuti lamulo likuimanga.

Nanga ndani anafafaniza chikalatachi? Ndi Papa. Mfumu John inali itapereka dziko lake m'manja mwa Papa Innocent III mu 1213, tsono inakadandaula ku Roma, ndipo mu August 1215 Papa analengeza kuti chikalatacho nchopanda mphamvu chifukwa mfumu inachita kukakamizidwa. Langton anaimitsidwa pa udindo. Chikalatacho chinauka John atamwalira, nichiperekedwanso mu 1216, 1217 ndi 1225, ndipo pa ulendo wa 1225 Langton analiponso, atabwerera pa mpando wake. Onani tsono mmene mbiri ilili: episkopi kumanga, Papa kugwetsa, m'chaka chimodzi.

Koma Papa yemweyo, mu November wa chaka chomwecho, anachititsa Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran, umene unasintha makhoti a ku Ulaya. Kufikira nthawi imeneyo, mlandu ukasowa umboni, woganiziridwayo ankanyamulitsidwa chitsulo chamoto, dzanja nkumangidwa masiku atatu kuti aone ngati lipola, kapena ankaponyedwa m'madzi kuti aone ngati amira. Wansembe ndiye ankadalitsa chitsulocho ndi madziwo, anthu namati Mulungu waweruza. Msonkhanowo unaletsa ansembe kutengako mbali, ndipo popanda wansembe mwambowo unafa. Mu 1219 boma la England linauza oweruza ake kuti apeze njira ina, ndipo njira imene inakula ndi yosankha anthu khumi ndi awiri a m'deralo kuti anene ngati munthu ndi wolakwa. Azungu amene anafika kuno nanyansidwa ndi mwabvi, mpaka kuuletsa ndi lamulo la 1911, mwina anali ataiwala kuti makolo awo anali ndi mwabvi wawo, wodalitsidwa ndi madzi oyera.

Pali kanthu kena kamene ndimakakonda. Akatswiri a malamulo a Mpingo a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 anadzifunsa kuti mwambo woitana munthu ndi kumva mbali yake asanaweruzidwe unachokera kuti. Anaupeza m'munda wa Edeni. Mulungu ankadziwa zonse zimene Adamu anachita, sankasowa mboni, komabe anamuitana, namufunsa, namvetsera ngakhale chodzikhululukira chake chopanda pake chokankhira mlandu kwa mkazi, kenaka nkugamula. Tsono ngati Mulungu wodziwa zonse anatero, anatero akatswiriwo, palibe mfumu kapena Papa amene angadumphe mwambowu. Ganizo limeneli linalowa m'malamulo a Angelezi. Mu 1723 khoti lalikulu la ku England linabwezera madigiri kwa Richard Bentley, amene yunivesite ya Cambridge inamulanda osamumva, ndipo mmodzi wa oweruzawo anatchula Adamu yemweyu. Malamulo a Angelezi anakhazikitsidwa m'makhoti a dziko lathu mu 1902. Pamene amai aja alandira kapepala kowaitana, ndipo a mfumu alandiranso kawo, kuti aliyense akanene mbali yake, mizu ya kapepalako yafika kutali chotere.

Tisaganize kuti amene anabweretsa malamulowa anawasunga. Mu 1452 Papa Nicholas V analola mfumu ya Portugal kugonjetsa anthu osakhala Akhristu ndi kuwasandutsa akapolo, ndipo Afrika analipira mtengo wake; mu 2023 Roma inanena poyera kuti zikalata zoterezi sizinalemekeze ulemerero ndi ufulu wa eni nthaka. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1890, boma la Harry Johnston linapereka zikalata za umwini wa malo aakulu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kwa Azungu, eni nthaka nasanduka alendo ogwira thangata pa minda ya makolo awo. Mu 1959 boma lomwelo la Angelezi, adzukulu a Magna Carta, linatsekera anthu oposa 1,000 popanda kuwazenga mlandu.

Titalandira ufulu mu 1964, mzimu wa Yezebele sunakwere ndege kubwerera. Lamulo la 1966 linapatsa boma mphamvu yolanda katundu wa munthu. Kuyambira 1969 makhoti amiyambo anapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, ndipo pambuyo pake youkira boma, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Khoti lotere ndi limene linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe mu 1983, chilango chimene chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mu 1971 Dr Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Bwalo linkakhala, mboni zinkakwana, zonse zinkaoneka za m'malamulo. Mboni za Yehova zitaletsedwa mu 1967, nizimenyedwa ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, mipingo ikuluikulu, wathu womwe, sinakweze mau. Khadi limenelo silinasiyane kwenikweni ndi chikalata cha Decius. Tinali ngati akuluakulu a ku Yezireeli, ndipo zifukwa za mantha athu, ngakhale zinali zenizeni, sizinachepetse ululu wa amene anamenyedwa.

Ine za 1992 ndinangozimva kwa makolo ndi kwa ansembe achikulire, amene mpaka lero amatsitsa mau akamazifotokoza. Pa 8 March, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za kufunika kwa makhoti oima paokha, ndi kuti palibe munthu mmodzi amene ali ndi nzeru zonse. Sinatchule chipani choti anthu achitsate. Monga Ambrose, maepiskopi sanafune mpando. Patangopita masiku awiri anaitanidwa ku polisi ku Blantyre, kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo mu April Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Koma mau anali atatuluka. Ophunzira anayenda m'misewu ku Zomba, antchito ananyanyala ku Blantyre, mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nafe, ndipo pa 14 June 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavotera zipani zambiri. Orton Chirwa sanalione tsikulo. Anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Malamulo aakulu a dziko amene tinalandira mu 1994 akunena kuti iwo ali pamwamba pa Pulezidenti, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti, kuti mphamvu zolamulira ndi zobwereka kwa anthu, ndi kuti womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo chisankho china chinachitika. Malamulo amenewa si a Akhristu okha, ndipo sitingati tinawalemba ndife. Msilamu ndi wosapemphera ali nawo gawo lofanana ndi lathu, ndipo m'mitsinje imene inawadzaza muli madzi a Agiriki, a Aroma, a anthu oganiza a ku Ulaya amene ena a iwo ankadana ndi Mpingo, ndi a bwalo la makolo athu. Ine ndangolondola mtsinje umodzi, umene gwero lake lili m'chipululu cha Sinai. Ndipo popeza ife ansembe timatchedwa abambo mfumu, ndikhulupirira kuti funso la amai aja likutikhudza ifenso, pamene tisunga ndalama za parishi osafuna kufunsidwa, kapena pamene tigamula nkhani ya Mkhristu tisanamumve.

Mlandu wa amai aja sunathe. Tsiku loyamba a mfumu sanabwere, ndipo anausuntha; ulendo wachiwiri mafaelo sanaoneke. Amai a mu mphakati wawo amasonkha ndalama ya minibasi, ndipo mnyamata wina wa kwaya amawaperekeza kuti aziwawerengera mapepala. Wogula uja anazika zipilala zake za simenti m'malire. Mvula yoyamba itagwa, ndinadutsa pafupi ndi mundawo popita kukadzoza wodwala, ndipo ndinawapeza amaiwo ali chiweramire pakati pa zipilalazo, akudzala chimanga.